ZA NYAMA ZIMENE AKATSWIRI AMAYESERAPO MANKHWALA

Inu amene mukukonzekera Ubatizo, palibe mwa inu amene sadamwepo mankhwala a kucipatala, kapena kupita ndi mwana kukabayitsa katemera. Mumalandira mibulu m'dzanja, mumeza ndi madzi, nimuthokoza. Koma kodi mudayamba mwafunsa kuti adayamba kulawa mankhwalawo ndani? Kawirikawiri woyamba sakhala munthu ai. Imakhala mbewa, khoswe, kalulu, galu kapena nyani, wotsekeredwa m'kakhola kudziko lakutali, ndipo zambiri mwa nyamazo zimaphedwa nchito ikatha. Ku Britain kokha, nchito zotere zimapitirira 2,000,000 pa caka, ndipo zoculuka zimacitika pa mbewa, nsomba ndi makoswe.

Nchito imeneyi imadya ndalama zambiri. Zina zimacokera ku maboma, ndiko kunena ku msonkho wa anthu. Zina ku makampani opanga mankhwala. Zina ku mabungwe a zacifundo. Tsono funso lathu nali: kodi nkololedwa kulipira munthu kuti abvutitse nyama pofuna kuciritsa anthu? Ngati nkololedwa, malire ali pati? Ndipo malirewo akalumphidwa, mlandu ugwera yani? Musanene kuti iyi ndi nkhani ya anthu akutali, pakuti wakudya nsima ayenera kudziwa munda umene mudacokera cimanga.

Mwana wolumidwa ndi galu

Tiyambe ndi nthenda imene nonse muidziwa, ciwewe. Mukudziwa m'mene amafera munthu wolumidwa ndi galu wopenga: amakanika kumeza madzi cikhalireco ali ndi ludzu, amazunguzika mutu, ndipo zizindikiro zikangooneka, kucira kumakhala kosowa ndithu.

Ku Paris, m'dziko la France, kudali katswiri wina dzina lace Louis Pasteur. Iyeyu pamodzi ndi mthandizi wace Émile Roux adazindikira kuti ululu wa ciwewe umakhala mu ubongo ndi mu mtsempha wa m'kati mwa fupa la msana. Tsono ankaboola cigaza ca kalulu nathiramo nthendayo. Kaluluyo akafa, ankatapa pa iye nathira mwa kalulu wina, namangopitiriza cotero kwa zaka. Pambuyo pace adayamba kuumitsa mitsempha ya akalulu akufawo m'mabotolo, naona kuti ululu umanka nucepa tsiku ndi tsiku, kufikira kutheratu patapita masabata awiri. Adabaya agalu ndi ululu wofookawo, ndipo agaluwo adalimba, osadwala ngakhale atapatsidwa ululu wamphamvu.

Pa 6 Julaye 1885, mai wina wa ku Alsace adafika ndi mwana wace wa zaka 9, Joseph Meister, amene galu wa ciwewe adamluma malo ambiri. Pasteur sadali dokotala wa anthu, ndipo mankhwalawo adali asadakhazikike. Komabe adalola kuti dokotala mnzace ambaye mwanayo. Adambaya ka 13, kuyambira ndi ululu wofooka kufikira wamphamvu, ndipo mwanayo sadadwale. Adakula, nagwira nchito yosunga pakhomo pa nyumba yofufuzira imene idamangidwa ndi zopereka za anthu a maiko ambiri, Institut Pasteur, yotsegulidwa m'caka ca 1888.

Onani mbali zonse ziwiri, osabisa ina. Kuno kuli mwana wamoyo, ndi anthu osawerengeka amene adapulumuka pambuyo pace. Uko kuli akalulu ndi agalu amene adafa imfa yowawa, osalakwa kanthu, osafunsidwa, osapindula. Munthu amene aona mbali imodzi yokha sangathe kuweruza mlandu uwu.

Kodi Eklezia aphunzitsa zotani?

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka m'caka ca 1992 pa nthawi ya Papa Yohane Paulo Waciwiri, akamba za nkhaniyi pa ndime 2415 mpaka 2418. Cimene cingakudabwitseni ndi malo amene adaiika. Ili pansi pa lamulo lacisanu ndi ciwiri, lija loletsa kuba. Cifukwa ninji? Cifukwa nyama zili ndi Mwini wace. Buku la Genesis litiuza kuti Mulungu adazilenga, naona kuti zili bwino munthu asadazigwiritse nchito, ndipo pambuyo pace adazipereka m'manja mwa munthu, monga mwini munda aupereka kwa kapitao. Makolo athu adati, nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Wobwereka amatema nayo ndithu, pakuti adaibwerekera comweco. Koma amatema mosamala, podziwa kuti madzulo mwini wace adzaiyang'ana.

Motero Eklezia aphunzitsa kuti munthu angathe kudya nyama, kubvala zikopa ndi kulimitsa ng'ombe. Aphunzitsanso kuti kuyesera mankhwala pa nyama nkololedwa, koma pokhapokha zinthu ziwiri zitasungidwa: nchitoyo isapyole malire oyenera, ndiponso ikhale yothandiza kusamala kapena kupulumutsa moyo wa anthu. Aonjeza kuti kuzunza kapena kupha nyama popanda cifukwa kumacotsa ulemu wa munthu amene akucita zimenezo. Papa Fransisko adabwereza mau omwewo m'kalata yace Laudato si' ya m'caka ca 2015.

Zimenezi sizacilendo. Malamulo a Mose adaletsa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu, nalamula kuti ng'ombe ndi bulu zipumule nazo pa tsiku la Sabata. Ambuye Yezu adaphunzitsa kuti Atate saiwala ngakhale mpheta imodzi, ndipo pomwepo adatinso munthu aposa mpheta zambiri. Mau awiriwa agwireni pamodzi monga mugwira mpini ndi manja awiri.

Bwanji osayesera pa anthu?

Wina mwa inu angafunse kuti: popeza wodwala ndi munthu, bwanji osayesera pa munthu yemweyo, nyama nkuzileka? Dziko lidaona kale kumene njira imeneyo imafikitsa. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, madokotala ena a ku Germany adayesera mankhwala ndi matenda pa akaidi osafuna, ndipo ambiri adafa. Madokotalawo adaweruzidwa ku Nuremberg, ndipo m'caka ca 1947 oweruza adalemba mfundo khumi zotsata. Yoyamba njakuti munthu asayesedwe popanda kubvomera yekha mwaufulu. Ina njakuti kuyesa pa munthu kutsamire pa zimene zidayamba zaoneka pa nyama. Tsono nyama zidaikidwa patsogolo kuti zikhale cishango ca anthu ofooka, pakuti pamene cishango cisowa, oyamba kuyesedwa amakhala amphawi, akaidi ndi ana amasiye.

Winanso angati: nanga nyamayo idabvomera kodi? Funso ili nlolemera, ndipo musalitaye msanga. Nyama singabvomere, singakane, singapite kwa mfumu kukadandaula. Koma imamva kuwawa, imaopa, ndipo nyani wocotsedwa pakati pa anzace amapukwa. Kusowa mau kwa nyama sikupeputsa mlandu wathu. Kumaukulitsa, monga mlandu wa wosunga cuma ca mwana wamasiye uposa wa wosunga cuma ca munthu wamkulu wodziwa kuwerenga. Dziwaninso kuti thupi la mbewa silifanana kotheratu ndi la munthu. Mwa mankhwala 10 amene adutsa pa nyama nayamba kuyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amalephera panjira, osafika kucipatala. Cifukwa cace palibe katswiri woona mtima amene anganene kuti nyama iliyonse yofera m'manja mwace yapulumutsa munthu.

Pamene palowa ndalama

Tafika tsopano pa mtima pa nkhani. Ndalama ingathe kumanga nyumba yofufuzira, ingathenso kutseka maso a anthu a m'nyumbamo. Katswiri amalandira thandizo la zaka zowerengeka, ndipo kuti alandirenso ayenera kuonetsa zipatso. Pamenepo pabwera mayesero: kufulumira, kuumira ndalama ya cakudya ndi ya wosamala nyama, kubwereza zimene ena adapeza kale kuti dzina limveke, kapena kubisa zimene zidakanika. Uku kotsirizaku nkoipa kawiri, pakuti nlibodza, ndiponso katswiri wina wosadziwa adzaphanso nyama zina poyesa njira yomwe idakanika kale.

Imvani zimene zidacitika ku Silver Spring, pafupi ndi mzinda wa Washington, m'dziko la America. Kumeneko katswiri wina, Edward Taub, ankasunga anyani 17, ndipo nchito yace inkalipiridwa ndi bungwe la boma, National Institutes of Health. Ena mwa anyaniwo adawadula mitsempha yomvera ya m'mikono, kuti aone ngati angaphunzirenso kugwiritsa nchito mkono wosamva kanthu. M'caka ca 1981 mnyamata wina amene adalowa nchito m'nyumbamo adajambula zithunzi zoonetsa makola auve ndi anyani a zilonda, ena atadziluma zala zao zosamvazo. Apolisi adalanda anyaniwo, boma lidaimitsa ndalama, ndipo bwalo lidampeza Taub wolakwa posapezera nyamazo dokotala. Iye adakana mlandu, nacita apilo. M'caka ca 1983 bwalo lalikulu la cigawo ca Maryland lidafafaniza cilangoco, ponena kuti lamulo la cigawoco silidapangidwire nchito yofufuza yoyendetsedwa ndi boma lalikulu la dziko lonse.

Nkhaniyi siithera pamenepo. Nzeru zimene Taub adapeza pa anyani zidabala njira yothandizira anthu ofa ziwalo: amamanga mkono wabwino kuti wodwala azolowere kugwiritsa nchito wofookawo, ndipo ambiri athandizidwa. Tsono mudzaweruza bwanji? Yankho la mkristu nali: cipatso cabwino sicitsuka nkhanza imene idali yosafunika. Kudula mitsempha kudali mbali ya funso limene katswiriyo ankafufuza, ndipo anthu anzeru angatsutsane ngati kudali koyenera. Koma khola lauve ndi cilonda cosamangidwa sizidaphunzitse munthu kanthu kalikonse. Ndipo amene adapereka ndalama osapita kukaona makola sangasambe m'manja. Mukatuma mnyamata kukalima ndi ng'ombe za mnzanu, inu nkumamlipira pa mizere yokha, osafunsa za ng'ombezo, ndipo iye nkuzikwapula mpaka kugwa, kodi pabwalo adzaitana mnyamata yekhayo? Anthu a ku America adaona cimeneci, ndipo m'caka ca 1985 adakonza lamulo lao kuti nyumba yofufuzira ikhale ndi kabungwe koyang'anira nyama, mmene mukhale dokotala wa ziweto ndi munthu mmodzi wakunja.

Miyeso itatu

Kodi malire oyenera aja tingawazindikire bwanji? M'caka ca 1959 akatswiri awiri a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, adapereka miyeso itatu, imene lero idalowa m'malamulo a maiko ambiri, monga lamulo la maiko a European Union la m'caka ca 2010. Opereka ndalama ambiri amafunsa za miyesoyi asadatulutse kanthu.

Woyamba: ngati pali njira ina yopezera yankho, nyama isakhudzidwe. Waciwiri: ngati njira ina palibe, nyama zikhale zocepa monga kungathekere, koma zokwanira kuti yankho likhale loona, pakuti kuyesa kosalongosoka kumataya nyama zonse pacabe. Wacitatu: kuwawa kucepetsedwe, nyama igonetsedwe ndi mankhwala pocekedwa, idye bwino, ikhale ndi zinzace, ndipo ikafika pobvutika kopanda cipulumutso iphedwe msanga.

Miyeso imeneyi yabala zipatso. Katemera wa ciwewe amene Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse limalimbikitsa lero sapangidwanso ndi ubongo wa nyama monga kale. Amameretsedwa m'mabotolo kapena m'mazira, ndipo ngwabwino koposa wa Pasteur. Kuyambira m'caka ca 2013, maiko a European Union adaletsa kugulitsa zodzola zoyesedwa pa nyama, pakuti kusalala kwa khungu sikulingana ndi diso la kalulu. M'caka ca 2022 dziko la America lidacotsa m'lamulo lace mau okakamiza kuti mankhwala atsopano onse ayambe ayesedwa pa nyama. Apa muone kuti ndalama ingatumikirenso cifundo: njira zatsopanozi sizidagwe kumwamba ngati mvula, zidapezeka cifukwa ena adalipira akatswiri kuti azifunefune.

Ndipo sikuti nyama iliyonse yothandiza akatswiri iyenera kufa. Mumdziwa bwampini, uja ena amati kunda, wakuba m'munda. Bungwe la APOPO, loyambira ku Belgium, lidamphunzitsa ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, kununkhiza mabomba okwirira pansi. Bwampini ngwopepuka, bomba siliphulika akaliponda. Akalipeza amakanda pansi, nalandira nthoci kapena mtedza. Abwampiniwa adagwira nchito m'dziko la Mozambique pamodzi ndi anthu olimba mtima a mabungwe osiyanasiyana, kufikira m'caka ca 2015 pamene boma lidalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yayeretsedwa. M'caka ca 2013 ena adayambanso kununkhiza makhololo ku Maputo, kuti apeze odwala cifuwa cacikulu amene makina adawaphonya.

Ngongole imene yatsala

Pali mbali ina imene anthu amaiwala. Tanena kuti nyama ingaphedwe pofuna kupulumutsa munthu. Nanga munthuyo akapanda kupulumutsidwa? Papita zaka zoposa 130 cipezekere katemera wa ciwewe, koma akatswiri amawerengera kuti nthendayi ikuphabe anthu pafupifupi 59,000 pa caka, oculuka a mu Africa ndi Asia, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana osafika zaka 15. Safa cifukwa nzeru zasowa. Amafa cifukwa katemera ali kutali, kapena ngwodula, kapena cipatala calibe, kapena makolo adacedwa.

Pamenepa ndipo pali mlandu waukulu wa opereka ndalama. Magazi a akalulu aja adasanduka ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa pokhapo mankhwala atafika pa mkono wa mwana wolumidwa. Kampani imene ipha nyama m'dzina la odwala, kenaka nkuika mtengo umene odwalawo sangaufike, yanamiza Mulungu ndi anthu. Boma limene lilipira kufufuza matenda a anthu olemera okha, nkuiwala malungo, likodzo ndi ciwewe, lalakwira amphawi. Katekisimu acenjezanso za mbali ina: sikoyenera kutayira pa nyama cuma cimene cikadayamba cathandiza anthu osauka. Motero cifundo ca pa nyama ndi cilungamo ca pa munthu ziyendere limodzi, monga ng'ombe ziwiri za m'goli limodzi.

Nanga ife kuno kumudzi?

Mwina mukuti: ife tilibe nyumba zofufuzira, ndipo ndalama zotere sitidazigwirepo. Nzoona, koma ngongole ija ifenso tili ndi gawo lace, ndipo tingathe kulibweza.

Galu akaluma munthu, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musadikire kuti muone ngati adwale, pakuti zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo ciwewe cikaoneka, katemera sathandizanso. Alangizi a ziweto akabwera kudzabaya agalu, tengani anu onse, osabisa ndi mmodzi yemwe. Pafupifupi anthu onse ofa ndi ciwewe amacitenga kwa agalu, ndipo akatswiri adapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa, nthendayi imasowa poyenda. Mankhwala amene mwalandira imwani mpaka kumaliza monga adakuuzani, osawataya kapena kuwagulitsa. Mukudziwa tsopano mtengo umene adagulidwa nao.

Ndipo miyeso itatu ija muiyese pakhomo panu. Musanaloze cala katswiri wa ku Silver Spring, yang'anani khosi la ng'ombe yanu ngati goli silidaiboole. Yang'anani galu amene amakusakirani nyama ndi kukulonderani usiku, ngati mumampatsa mkute kapena mwala. Mukamapita ndi nkhuku kumsika, musaimangirire mutu pansi padzuwa ulendo wonse. Mbuzi yoti iphedwe iphedwe ndi mpeni wakuthwa, mwamsanga. Mwana akamaponya miyala nanzikambe kapena kuthyola mapiko a mbalame mwamasewera, mletseni, nimumuuze cifukwa cace. Pakuti dzanja lozolowera nkhanza pa kanyama silicedwa kufika pa mkazi ndi pa mwana.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili. Inde, nkololedwa kulipira akatswiri kuti ayesere mankhwala pa nyama, pamene moyo wa anthu ufuna cotero ndipo njira ina palibe. Koma cilolezoci ncolemera, ndipo tiyenera kulakalaka tsiku limene sicidzafunikanso. Wogwira mpeni, wopereka ndalama ndi wolandira mankhwala, onse atatu ngobwereka, ndipo aliyense adzafunsidwa pa mbali yace.

Mafunso oti mukambirane

1. Cifukwa ninji Katekisimu aika nkhani ya nyama pansi pa lamulo loletsa kuba?

2. Pa nkhani ya anyani a ku Silver Spring, ndi kuwawa kuti kumene kudali kosafunika konse? Ndani adayenera kukuletsa?

3. Mwana wa mnansi wanu walumidwa ndi galu madzulo, ndipo cipatala cili kutali. Inu monga akristu a pamudzi mudzacita ciani, ndipo ndani adzapereka njinga kapena ndalama ya ulendo?

4. Pa ziweto za pakhomo panu, nciti cimene mwini wace weniweni angakufunseni lero?